Envulopu ya Kazeze

Tallaght, Dublin
14 Febuluwale 2010

Okondedwa aNangondo,

Nkhani imene ndikufuna kukuuzaniyi sindinaimve kwa mwana wanuyu ayi. Anayamba kundiuza ndi Mai Clotilda, namwino wa ku Zambia uja, titangotuluka mu Misa sabata yatha. Koma taimani, ndiyambe ndalonjera. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likutani? Nanga amayi, akudya? Ine kuno ndilipo, kungoti chifuwa cha mu Januwale chija sichinatheretu. Chaka chino kunazizira kwa mtundu wina. Madzi anauma m'mapaipi, tinakhala masiku anayi tikutunga pa galimoto ya thanki, azungu ndi ife mzere umodzi, aliyense ndi chidebe chake. Ndinaseka ndekha. Ndinati ndinasiya mjigo ku Bembeke kuti ndidzaupeze kuno.

Tsono Mai Clotilda aja anandigwira mkono pakhomo la tchalitchi nkuti, "Ba Tarsizio, manje muzankhala atate ba msilikali, ka?" Ine ndinati msilikali wake uti, mwana ndili naye mmodzi, wamkazinso. Iwo kuseka. Ndi mmene ndinadziwira kuti Emmie wakalembetsa dzina ku usilikali wa dziko lino, ku gulu la ndege. Mwini wake ndi uyu akulemba kalatayi, nkhope wagwetsa. Akuti ndisamunene ali pomwepo. Lemba, mayi. Dzanja ndi lako koma mawu ndi anga.

Ndikufotokozereni bwino kuti mukathe kufotokozera ena. Mukudziwa kuti mwanayu waphunzira kuyendetsa ndege zaka zisanu, ndi ndalama za Bambo Gerard, wansembe wathu wakale uja, za munda wa makolo awo umene anagulitsa nthawi ija dziko lino linkasefukira ndalama. Mayeso onse anakhoza. Koma anamaliza mwezi womwewo umene mabanki anagwa. Chaka ndi theka tsopano akungoyeza masutikesi a anthu pa eyapoti, ndege akuzionera pawindo. Akuti makampani akuchotsa oyendetsa a imvi, angatenge bwanji wongoyamba kumene.

Njira zatsala ziwiri. Yoyamba ndi ya usilikaliyi. Amalipira, sachotsa munthu, koma ukalowa ndi zaka khumi ndi ziwiri osatulukamo, ndipo umayambira kuguba m'matope ngati sunaionepo ndege. Akutinso zaka zake zobadwa zikumulola chaka chino chokha, chaka chamawa adzakhala atapitirira. Yachiwiri ndi kudikira timakampani ta ndege zing'onozing'ono, zija zimazungulira kutsogolo, zotenga anthu makumi anayi kupita m'matauni a kumadzulo kwa dziko lino. Timeneto nato sitikulemba anthu pakali pano.

Ine sindinamuyankhe. Mwanayu ndi wa mbumba ya kwanu, ine ndinangomutenga kudzamuphunzitsa. Mupite kwa alamu anga aBennet, amalume ake, muwayalire zonsezi monga ndakuyalirani, mundilembere mawu awo.

Za kuntchito, m'nyumba ya ansembe opuma ija ku Dún Laoghaire ndinkaphikira khumi ndi mmodzi, tsopano atsala anayi. Andichotsera Lachiwiri ndi Lachinayi. Bambo Gerard akupereka moni, akuti akulakalaka mapichesi a kwanu.

Ndatumiza mayuro 120 kudzera mwa aSam, wophunzira uja akubwera kumudzi. Mugule malata awiri a kukhitchini, yotsalayo chimanga chodikirira. Mbuzi musagulitse.

Ndine wanu,
Tarsizio

Amayi, ndi Emmie. Sindinawabisire. Ndimadikira tsiku loti adya bwino.


Tallaght
21 Malichi 2010

Amake Emmie,

Landirani moni wa mu Lenti. Kalata yanu inafika Lachiwiri, Emmie wandiwerengera kawiri. Ndakondwa kuti mvula sinadule ndiponso kuti amayi ayamba kutuluka panja. Ine chifuwa chatsika, watsala msana. Ndi basi ya 75 ija, ola ndi theka kupita, ola ndi theka kubwera, mpando wake ngati benchi la kukhoti.

Mawu a alamu ndawamva. Akuti alowe usilikali, boma silitsekedwa ngati kampani. Ndinadziwa kuti atero, munthu woti anapuma usilikali kalekale koma mpaka lero amapolisha nsapato popita kudimba. Sindikutsutsa, mwini mbumba ndi iwowo. Koma muwakumbutse za Masauko, mwana wa akatekisiti aja. Zaka zija asilikali athu ankalondera njanji ku Mozambiki, pa maliro ake ndinaphika ndine. Bokosi linabwera lokhomeratu, asilikali awiri ataima uku ndi uku. Amake anapempha kuti angoona nkhope, iwo ayi. Ndinaphika mpunga miphika inayi, inabwerera yodzaza. Ine ndikamva za yunifolomu ndimaona bokosi limenelo.

Emmie waika cholembera pansi. Akuti, "Ababa, dziko lino silimenya nkhondo. Ndege zawo zimanyamula makanda odwala ndi kuyang'anira panyanja." Ndamuuza kuti Masaukonso ankati akukangoyang'anira njanji. Watola cholembera chake.

Koma ndinene chilungamo, mbali inayonso yandifooketsa. Lachisanu kunagwa chimvula ndili ndi matumba awiri pa masitolo a Square, ndinakwera takisi koyamba chaka chino. Woyendetsa anali wa ku Zambia, aMwaba. Pocheza pocheza ndinatchula za Emmie. Munthu uja anatsegula kabokosi ka kutsogolo nkutulutsa chipewa cha oyendetsa ndege, chenicheni, cha ulusi wagolide. Akuti zaka zisanu ndi zinayi ankayendetsa tindege tomweti ndikufunira mwana wanu. Tsiku lina anatera bwinobwino, anthu anatsika, foni nkulira kuti kampani yatsekedwa, abwerere kwawo pa basi. Ndinawafunsa kuti, "Nanga akanakhala mwana wanu, mukanamuuza chiyani?" Anangoyatsa wailesi.

China ndi ichi. Muno m'mafulati mwayamba kufika maenvulopu a boma, a khaki, okhala ndi kazeze pamwamba, kofanana ndi ka pa ndalama zachitsulo za kuno. AGreenwell a khomo loyandikana nafe, ntchito itawathera ku Coolock, analandira yawo mwezi watha, yowauza kuti achoke m'dziko muno. Lero m'nyumba mwawo mukukhala anthu ena. Emmie iye pasipoti ya kuno ali nayo. Mapepala anga ine ndi chaka chachitatu akuti ali pamzere. Ndangonena, musadandaule nazo.

Mbatatesi musagulitse kwa mavenda a pamsewu mwezi uno, adzakuberani. Dikirani Meyi.

Ndine,
Tarsizio


Tallaght
25 Epulo 2010

ANangondo,

Ndikhulupirira Pasaka munadya bwino. Ife tili moyo. Msana uli pomwepo, sukuipira sukuchira.

Kuno kwachitika zodabwitsa. Phiri lina la moto laphulika kutali kumpoto, phulusa lake nkudzaza mumlengalenga, ndege zonse zinaima pafupifupi sabata. Zaka zisanu ndi zinayi ndili kuno sindinamvepo kumwamba kuli zii chotere. Ndinamva mbalame pa Tallaght, ine ndinkayesa kulibe. Emmie kuntchito anamubweza kunyumba masiku onsewo.

Ku usilikali kuja wadutsa zitatu. Wathamanga, walemba mayeso a mutu, madokotala amuyeza maso ndi mtima. Akuti anayamba mazanamazana, atsala ochepa. Chatsala ndi kukakhala pamaso pa akuluakulu awo kuti amufunse mafunso. Tsiku lake adzamulembera kalata.

Ndiye Lolemba foni inalira. Kakampani kena ka tindege tija kakumufuna. Akuti kwa miyezi isanu ndi umodzi poyamba, azikakhala kumadzulo, maphunziro a ndege yawoyo azimudula pa malipiro. Ayankhe pofika pa 18 Juni. Ine ndinaimirira nkuwomba m'manja. Ndinati, "Basi tatha, wapeza ndege yako." Iye akuti, "Miyezi sikisi, Ababa. Ikatha ndikagule takisi?" Ndinati koma bola uli moyo, wovala zako. Akuti, "Mukuganiza kuti sindikuona? Kukampani ndikhala pampando wa ndege Sepitembala yemweyu. Ku usilikali padutsa chaka ndi kuposa ndisanaikhudze. Zonse ndikuziona." Kuyambira tsikulo akuyenda m'nyumba muno ngati wataya singano. Pano akulemba osandiyang'ana.

Bambo wina mwa ansembe anayi aja tinamuika Lachitatu. Atsala atatu. Lachisanu kunabwera amuna awiri ndi tepi, kuyeza nyumba yonse mpaka kukhitchini kwanga. Anandipatsa moni waulemu kwambiri.

Mukayamba kukolola muitane ana a mng'ono wanu aDyness, muwalipire ndi chimanga, osati ndalama.

Tarsizio


Tallaght
23 Meyi 2010

Amake Emmie,

Moni nonse. Ndamva kuti mwakolola ngolo zitatu, Mulungu alemekezeke. Ine ndilipo. Chakudya sichikundilowa kwenikweni, mwina ndi kusintha kwa nyengo.

Kalata ya mwana wanu ija sinafikebe. Akabwera kuntchito amayamba wayang'ana pansi pa chitseko asanavule nsapato. Ndikumuuza kuti aziwerenga mabuku ake, mtima ukhale m'malo, china chilichonse chisamusokoneze.

Ndili ndi zopempha zingapo, musandifunse chifukwa chake. Munda wa kudambo uja musaubwereketse chaka chino. Njinga yanga muitengere kwa okonza, aike matayala. Chipinda chakumbuyo muchotsemo matumba, muzire pansi. Ngati makasu anga awiri aja alipo, asachoke pakhomo.

Emmie akufunsa kuti bwanji ndikukamba ngati munthu wa paulendo. Ndamuuza kuti ukalamba umatero. Akuti kalata ya lero yafupika, kodi ndadwala. Ayi, ndangotopa.

Ndine wanu,
Tarsizio


Tallaght
13 Juni 2010

Mkazi wanga aNangondo,

Musadabwe ndi dzanja lachilendoli. Akulemba ndi Mai Clotilda, tili m'khitchini mwawo. Emmie sakudziwa kuti ndikulemba. Thupi lili bwino, ndipo ndikhulupirira inunso muli bwino, koma lero za matupi tiziike pambali. Mai Clotilda akuti ndisazungulire. Ndiyesa.

Pa 20 Meyi linali Lachinayi, tsiku limene sindipita kuntchito. Ndili ndekha m'nyumba ndinamva kachitseko ka makalata kakulira. Nditapita ndinapeza envulopu ya khaki, kazeze kali pamwamba. Ndinati basi, yafika yanga, monga inafikira ya aGreenwell. Ndinakhala pansi pomwepo pakhomo, sindikudziwa nthawi yaitali bwanji.

Tsono ndinaganiza za mwana. Wondiwerengera ndi iyeyo. Ndimupatse kalata yothamangitsa bambo ake pamene akudikira kukaonekera pamaso pa akuluakulu? Inu mukukumbukira pamene bambo anu anatisiya, mng'ono wanu Dyness ali pakati pa mayeso a Fomu 4. Tinaika maliro, tinameta, iye osadziwa kanthu mpaka atalemba pepala lomaliza. Ndi mmene timachitira, wa pamayeso sitimuuza zoipa. Ndinatenga envulopu ija nkuika m'thumba lam'kati la jekete la ku Misa. Ndinati ikhale mmenemo mpaka mwana adutse zake, zanga zibwere pambuyo. Ndi chifukwa chake ndinakuuzani za njinga ndi makasu.

Masabata atatu apita chotero. Emmie anaimba foni kukafunsa, anamuuza kuti makalata onse anatumizidwa kale. Mnzake wina amene anathamanga naye analandira yake. Lachisanu anabwera nkundiuza kuti, "Andisiya, Ababa. Ndipita kukampani." Sanalire. Anangotsuka mbale zotsukatsuka kale.

Ndiye ine ndinati poti mayeso atha, tsopano ndimve zanga. Koma ndinachita manyazi kuti mwana andiwerengere zotere ali ndi chisoni chake. Lero titatuluka mu Misa ndinapatsa Mai Clotilda. Anatsegula, anawerenga, anandiyang'ana, anawerenganso. Akuti, "Imwe ba Tarsizio, mwachita chani? Iyi si yanu. Ni ya Emmie." Asilikalinso ndi boma, aNangondo. Nawonso amalemba ndi kazeze. Ine mutu wonsewu sunandiuze zimenezo. Masabata atatu ndakhala ndikupempherera kalata ya mwana ili pachifuwa panga.

Tsiku lake silinadutse. Akumufuna Lachinayi likubwerali, pa 17, 10 koloko m'mawa. Kukampani ayenera kuyankha Lachisanu.

Apa ndi pamene pali nkhani, ndipo ndikuuzani inu nokha. Mai Clotilda atawerenga, mtima wanga unakondwa kuti sakundithamangitsa. Kenako unakondwanso kachiwiri, ndipo kukondwa kwachiwiriko ndi kumene kukundichititsa manyazi. Unati, Tarsizio, ungokhala chete masiku anayi. Mwana wavomereza kale kuti amusiya. Apita ku tindege take, yunifolomu ya usilikali sadzaivala, bokosi lokhoma silidzafika pakhomo pako. Sunaname, sunabe, wangokhala chete.

Mai Clotilda akuti ndithamange ndikamupatse lero lomwe. Ndawafunsa ngati akamuuze okha. Akuti, "Ine sinizakamba, ni nkhani ya m'nyumba mwanu. Koma Mulungu anakuonani pamene munaika mu jekete, na manje akuonani." Envulopu ndaibwezera m'thumba.

Ndikudziwa kuti kalatayi idzakupezani zonse zitatha. Simungandilangize. Ndangofuna kuti wina adziwe kuti ndinaima pamenepa, ndipo sindinali munthu wabwino monga mumandiyesera.

Tarsizio


Tallaght
20 Juni 2010

Amake Emmie,

Akulembanso ndi Mai Clotilda. Moni kwa inu ndi amayi. Kumeneko ndi nthawi yozizira, muwafunditse bulangete lija ndinatumiza, asalisunge m'sutikesi. Ine ndili bwino pang'ono.

Lolemba sindinanene. Lachiwiri sindinanene. Lolembalo ndinapsereza phala la ansembe, chinthu chimene sindinachitepo zaka makumi atatu. Bambo Gerard anandifunsa kuti, "ATarsizio, mwasenza chiyani?" Ndinati msana, Bambo.

Lachitatu madzulo Emmie anabwera ndi mapepala a kukampani, anawayala patebulo kuti asaine. Ndinati tiyambe tadya. Ndinali nditaphika mpunga ndi nkhuku, mmene amakondera, ya tomato wambiri. Ndinamudikira amalize, atsuke m'manja. Atatenga cholembera ndinapita kuchipinda, ndinabwera ndi jekete lonse. Ndinaika envulopu pamwamba pa mapepala ake.

Anawerenga ataimirira. Anayang'ana deti ya pamwamba. Akuti, "Yafika liti?" Ndinamuuza zonse, za aGreenwell, za kazeze, za Dyness ndi mayeso ake. Nkhope inayamba kufewa, anatsala pang'ono kuseka. Akuti, "Ababa inu, ndiye mwangodziwa lero?"

Pamenepo khomo linali lotsegula, aNangondo. Ndikanangoti eya. Ndinati, "Ayi. Masabata atatu sindinkadziwa. Masiku atatu ndimadziwa."

Anakhala pansi. Akuti, "Masiku atatu." Ndinati eya. Akuti, "Anzanga akonzekera mwezi wathunthu. Inu munandiona ndikutsuka mbale zija, munandiona ndikutenga mapepala awa, muli nayo m'thumba." Ndinati ndinkaopa bokosi. Akuti, "Ine si Masauko. Moyo wake ndi wanga, Ababa, si wa mantha anu." Kenako analankhula zambiri m'Chingerezi, mwina bola kuti sindinazimve zonse. Ndinati ndimusitire bulauzi. Anandilanda simbi m'manja.

Lachinayi anapita. Ndinamukonzera buledi wa mazira, anamusiya patebulo. Anabwera 3 koloko, ndinafunsa kuti zayenda bwanji, akuti sakudziwa, adzayankha mu Ogasiti.

Tsono Lachisanu ndi limene landisokoneza. Ine ndinkayesa atumiza mapepala a kukampani kuti agwire kumeneko podikira. Ndinamumva pafoni akuwathokoza, akuti apatse wina malowo. Ndinati, "Mayi, wataya chogwira m'manja, kwinako sanakuyankhe!" Akuti, "Sindingasaine kuti ndibwera ndikudziwa kuti ndikhoza kuwathawa. Ndiponso sabata ija ndinkayesa kuti andisiya, ndi pamene ndinadziwa kumene mtima wanga uli." Ndi mawu okhawo amene wandiuza kuyambira Lachitatu, ena onse ndi eya ndi ayi.

Tsopano ngati asilikali samutenga, alibe kuno alibe uko, ndipo ine ndidzakhala ndi gawo langa pamenepo. Muwauze alamu zonse, musandibisire kanthu. Akafuna kundinena andinene.

Mwezi uno ndatumiza mayuro 60 okha. Mundikhululukire.

Ndine,
Tarsizio


Dún Laoghaire
5 Okutobala 2010

Okondedwa aNangondo,

Zilembo zikugwedezekazi ndi za Bambo Gerard. Akuti Chichewa chawo chachita dzimbiri koma dzanja likadali ndi mphamvu ya kalata imodzi. Lero si tsiku langa la ntchito, koma tili m'chipinda chawo, ndawaikira pilo kumsana. Muli bwanji ndi kutentha kwa kumeneko? Ndamva kuti amayi anagwa pakhonde, ndikhulupirira sanathyoke. Ine ndili moyo. Mundikhululukire kuti ndakhala chete miyezi itatu. Mai Clotilda anawasinthira ku ntchito ya masiku ambiri, ndipo Emmie sindinafune kumupempha.

Zoti anamutenga munamva kale pafoni. Uthenga wa alamu unafika, woti anapha nkhuku ndi kuvala mamendulo awo tsiku lonse. Mawu enawo, onena za ine, nawonso anafika. Muwauze kuti ndawalandira, sindikuwabweza.

Mwezi wa Julaye wonse m'nyumba munali ngati mwa alendo awiri. Chinasintha ndi kalata yanu ya mu Ogasiti. Ndinaisiya patebulo masiku awiri. Tsiku lachitatu anaitola yekha nkuti, "Khalani pansi ndikuwerengereni." Atafika pamene munalemba kuti bambo ako ndi wopusa koma sanakunamize, anaima, anawerenganso mokweza kachiwiri. Zikomo, amake Emmie. Ndinamva ndithu kuti wopusayo ndine.

Nyumba ino yagulidwa. Ansembe atsala awiri, Bambo Gerard ndi mnzawo wosamva uja, ndipo Khirisimasi isanafike awasamutsira kosungira okalamba, kumene kuli ophika awo. Za ine sindikudziwa. Bambo akuti alankhula ndi anthu. Munda wa kudambo uja muulime ndithu, muyambe kugalauza mvula isanagwe, ndipo mbewu mugule yocha msanga. Chipinda chakumbuyo chikhale chomwecho.

Tsopano za mwana. Anamuuza kuti akayambe dzulo, Lolemba, kumalo a asilikali ku Kildare, kumene akagube miyezi yambiri asanamubweze ku ndege. Kuno kulibe azakhali kapena amalume oti amukhazike pamphasa nkumulangiza monga tikanachitira kwathu, ndiye ndinati ntchito imeneyi yagwera ine. Sabata yathunthu ndakhala ndikukonza mawu m'basi ya 75. Ndinali nawo ambiri, aNangondo, inu mukundidziwa. Za ulemu kwa akuluakulu, za amuna a kumeneko, za kupemphera asanakwere, za agogo ake, za mmene ndinamunyamulira pa Chileka ali ndi zaka khumi ndi zinayi akulira kuti ndege imugwetsa. Ndinawaika mundondomeko, poyambira ndi pothera. Mayi wina wachizungu anasamuka pampando poona ndikulankhula ndekha.

Lamulungu madzulo ndinati ndiyambe, koma anali kalikiliki kulongedza, akuwerenga masokosi ndi pepala m'manja. Ndinati ndidzanena mawa panjira.

M'mawa mwake tinakwera Luas, kasitima ka m'tauni muno, mpaka ku siteshoni ya Heuston. Chikwama ndinanyamula ine, anandilola. Tsitsi lija munkaliluka analidula, khosi likuoneka ngati la mwana. Njira yonse ndinkati ndiyamba tikadutsa apa, ndiyamba tikadutsa apo. Tinafika. Panali makolo ena ndi ana awo, azungu okhaokha, akujambulana. Sitima inaima, zitseko zinatseguka. Emmie anatenga chikwama nkuti, "Ababa, mwakhala chete njira yonse, si inu. Nenanitu, sitima ikupita."

Ndinatsegula pakamwa, mawu onse a sabata ija osapezeka ndi limodzi lomwe. Ndinati, "Uzidya."

Anandiyang'ana, anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. Akuti, "Inunso, Ababa." Analowa.

Ndinakhala pabenchi mpaka wosesa anandipempha kuti ndikweze mapazi. Kenako ndinanyamuka kukakwera basi, poti ansembe awiriwa amadya 1 koloko.

Ndine wanu,
Tarsizio